Mwana wa Kunyanja ndi Mabuku a Zoopsa

Omvera nonse, kulikonse kumene mukutimvera: ku Makanjira, ku Malindi, ku Namwera, pa boma pa Mangochi, ku Makawa, ku Monkey Bay mpaka ku Chembe. Inu amene muli pa doko kusoka maukonde, inu amene mukuyanika usipa pa thandala, ndi inu aphunzitsi amene mukuchonga makope, khalani nafe.

Lero tikamba za mabuku aja amene mwana amabisa m'kati mwa kope, aja amawerenga pa foni usiku mpaka batire kutha. Ndi nkhani zopeka zolembera achinyamata, ndipo zili m'magulu awiri. Zina zimasimba za dziko la m'tsogolo limene zinthu zinasokonekera, olamulira akupondereza anthu, wachinyamata wina n'kukana kugwada. Zina zimasimba za mizimu, amatsenga, mizukwa ndi zolengedwa zakumwa magazi. Makolo ambiri akangoona chikuto cha buku lotere amakwinya nkhope. Ena amati ndi zausatana, ena amati n'kutaya nthawi pomwe mayeso a Fomu 4 ali pakhomo. Ine mabukuwa ndimawerenga, ndimawakonda, ndipo ndabwera kudzawaikira kumbuyo. Komabe pali pena pamene amandibaya mumtima, ndipo pamenepo sindibisa.

Kuno mabuku otere safika mwadongosolo. Lina limabwera m'katoni ya mabuku a chithandizo n'kukagona m'kabati ya sukulu. Lina wina analigula pa kaunjika wa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe kapena ku Lilongwe, chikuto chitang'ambika kale. Kawirikawiri umapeza buku lachiwiri, loyamba osaliona, lachitatu n'kumangolimvera kwa anzako. Ambiri nkhanizi anayamba kuziona m'nyumba za kanema zija zotchinga ndi mphasa, momwe filimu imakhala itamasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akuthiramo ndemanga zake. Kenako wina amatumiza bukulo pa WhatsApp, foni imodzi n'kuzungulira kalasi lonse. Amene amati Amalawi sakonda kuwerenga akaone mmene buku limodzi lokoma limathera ndi manja pa sukulu yogonera komweko.

Tiyambe ndi limene ambiri amalidziwa, The Hunger Games, lolembedwa ndi Suzanne Collins wa ku America, lomwe linatuluka mu 2008. Dziko lake ndi Panem. Kuli mzinda wolemera wotchedwa Capitol, ndi zigawo 12 zimene ntchito yake n'kudyetsa mzindawo. Chigawo cha 12 chimakumba malasha, cha 11 chimalima, cha 4 chimasodza. Popeza zigawozo zinaukirapo kale, chaka ndi chaka chigawo chilichonse chimapereka mnyamata ndi mtsikana, a zaka za pakati pa 12 ndi 18, osankhidwa mwa maere. Ana 24 amenewa amawatsekera m'bwalo lalikulu kuti aphane mpaka atsale mmodzi, dziko lonse likuonerera pa wailesi yakanema. Maere atagwera kamtsikana ka zaka 12, Prim, mkulu wake Katniss Everdeen, wa zaka 16, akudzipereka kupita m'malo mwake.

Mwana wa ku Chicago akamawerenga, mwina chimamugwira mtima ndi ndewu ya m'bwalomo, kapena funso loti Katniss asankha ndani pakati pa anyamata awiri, Peeta ndi Gale. Mwana wa ku Msaka amaima pa tsamba lina. M'bukuli muli lamulo loti mwana wa m'banja losauka atha kulandira tirigu ndi mafuta pang'ono oti adye chaka chonse, koma malipiro ake ndi oti dzina lake liwonjezeredwe m'maere muja. Pa zaka 16 dzina la Katniss lili m'menemo ka 20. La mnzake Gale, wa zaka 18, ka 42. Mwana wa wolemera dzina lake limalowa kochepa. Ameneyu ndi katapila weniweni: udye lero, mawa ubweze ndi moyo wako. Ndani kuno sadziwa mtsikana amene analolera zosayenera pa doko kuti apeze usipa wokagulitsa? Ndani sadziwa mnyamata amene anasiyira sukulu mu Sitandade 6 n'kulowa m'bwato usiku, mwera ukuwomba, chifukwa kunyumba kunalibe ufa? Palibe anawaloza ndi mfuti. Wolemba uja anamvetsa kuti wopondereza wochenjera sachita kukugwira pakhosi. Amangokonza zinthu kuti wosauka adzipereke yekha.

Palinso za chakudya. Rue, kamtsikana ka m'chigawo cha alimi, kakufotokozera Katniss kuti kwawoko olima saloledwa kudya zimene alima, ndipo wopezeka akudya amakwapulidwa pagulu. Mwana wa msodzi wa ku Malembo kapena ku Namiasi safuna womutanthauzira. Chambo chimene bambo ake agwira chimakwera galimoto m'mawa womwewo kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, iye n'kutsala ndi bonya. Chambo chomwecho chachepa: ku nyanja ya Malombe, komwe makolo athu ankachita kuchisankha, chinatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1990, asodzi n'kutembenukira ku kambuzi. Mukamayenda kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay, muwerenge mipanda imene yatchinga gombe, ya malo ogona alendo ndi ya nyumba zopumuliramo anthu a m'tauni. Mayi wofuna kuchapa kapena kutunga madzi amazungulira kufunafuna kampata. Katniss nayenso amakwawa pansi pa mpanda wa waya kuti akasake nyama m'nkhalango yoletsedwa.

Ndisanamizire dziko langa. Malawi si Panem. Timavota, timalankhula pa wailesi monga ndikuchitiramu, ndipo alendo obwera kunyanja amabweretsa ntchito imene ikudyetsa mabanja ambiri. Koma buku labwino silidikira kuti zonse zifanane. Limamupatsa mwana funso limene sakumana nalo pa mayeso: kodi zinthu zili chonchi chifukwa Mulungu anazilenga choncho, kapena alipo anazikonza? Mwana amene wayamba kufunsa funso limeneli sanataye nthawi yake.

Ndipo ife a ku Mangochi tili ndi chinthu chimene owerenga a kwina alibe. Kwa iwo dziko lankhanza lotere ndi la m'tsogolo. Kwa ife linadutsa pakhomo, ndipo ena mwa amene analiona akutimvera pompano. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere wa ku Malindi anabwera ndi anthu ake usiku n'kulanda boma lino, lomwe nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston, ndipo ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Chimene chinatsatira chinali chilango cha dera lonse. Midzi inaotchedwa, anthu anatsekeredwa popanda mlandu. Medson Silombela ananyongedwa ku ndende ya Zomba mu 1966 pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera, kuti onse atengerepo mantha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu a mudzi wa Moto anatengedwa mazanamazana, amayi ndi ana omwe, kupita kundende, mudzi n'kusanduka bwinja. Wowerenga wa kuno akafika kumapeto kwa buku lachiwiri, Catching Fire, n'kumva kuti Chigawo cha 12 achifafaniza ndi mabomba chifukwa cha kusamvera kwa mtsikana mmodzi, sayenera kuwoloka nyanja zamchere kuti apeze chitsanzo.

Kunali makadi a chipani pa chipata cha msika ndi pokwera basi, kunali apayoniya, kunali kunong'ona m'nyumba mwako momwe. Mabuku nawonso sanapulumuke. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Jack Mapanje, wobadwira m'mudzi wa Kadango m'boma lino, buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, mwini wake n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Achinyamata a lero anabadwa riferendamu ya 1993 itadutsa kale, ndipo zonsezi amaziona ngati mizere iwiri yoloweza pokonzekera mayeso. Ndikupemphani inu agogo: mdzukulu wanu akayamba kukufotokozerani za Panem, musamuthamangitse. Mumvetsereni, kenako muuzeni zimene munaona ndi maso anu. Buku lija adzaliwerenganso mwa mtundu wina.

Chimene ndimalemekezera Collins koposa ndi mathero a buku lachitatu, Mockingjay. Amene simunaliwerenge mundikhululukire, ndiulula. Oukira apambana, Pulezidenti Snow, wolamulira Panem, wagwidwa, ndipo mtsogoleri watsopano, Alma Coin, akufuna kuti masewero ophana aja achitikenso kamodzi, ulendo uno ndi ana a ku Capitol. Katniss, atapatsidwa uta kuti alase Snow, akulasa Coin. Kupha sindikuyamikira. Chimene ndikuyamikira n'chakuti wolembayo sananamize ana kuti wankhanza akagwa ndiye kuti nkhanza zatha. M'dziko limene lasintha maboma kangapo chiyambire 1994, mizere ya chimanga ndi ya mafuta ili pomwepo, zimenezi n'zosadabwitsa. Ndipo Katniss sathera pa mpando waulemu. Amabwerera kwawo wosweka mtima, akulota zoopsa usiku. Nkhondo imatero ndi ana.

Ena amene anatsatira pambuyo pake sandigwira mtima chimodzimodzi. Divergent la Veronica Roth, la mu 2011, limagawa anthu m'magulu asanu malinga ndi khalidwe, ndipo mwana akafika zaka 16 ayenera kusankha gulu la moyo wake wonse. Amene anadikirapo zotsatira za Sitandade 8 kuti amve ngati wasankhidwira ku sekondale amawadziwa mantha amenewo, koma kupitirira apo nkhaniyo imangosanduka kuthamangitsana ndi chibwenzi. The Maze Runner la James Dashner limathamanga bwino, ukalitseka n'kuliiwala. Ambiri mwa mabukuwa ali ndi nthenda imodzi: pamakhala mwana mmodzi wapadera amene adzapulumutsa onse. Chimene chinasintha dziko lino sanali munthu mmodzi. Inali kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992, ophunzira a ku Chancellor College, ogwira ntchito m'mafakitale a ku Blantyre, ndi namtindi wa anthu amene anaima pa mzere kuvotera nyali.

Kodi Amalawi alembapo zotere? Alemba. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, limene linapambana mphoto ya Peer Gynt mu 2013 n'kusindikizidwa mu 2015. Nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 zikubwerazo, ndipo nkhanza zake n'zosiyana ndi za ku Panem. Njala kulibe. Aliyense akukhala yekha m'nyumba mwake, zonse akupatsidwa, koma sadziwa mnansi, sadziwa mbale, sadziwa n'komwe kuti pali chimene akumanidwa. Kwa ine limeneli ndi loopsa kuposa la Collins, chifukwa amene analilemba ndi munthu wodziwa chimene Mmalawi sangakhale popanda icho. Tangoganizani moyo wopanda maliro oti mukakhuze, wopanda ukwati, wopanda sadaka, wopanda wokupatsani moni m'mawa.

Chikoti yemweyo anatsogolera ntchito ya buku la Imagine Africa 500, momwe olemba a m'mayiko angapo, Amalawi ali momwemo, anayerekeza mmene Africa adzakhalire zaka 500 kutsogoloku. Muthi Nhlema analemba Ta O'reva, nkhani yobweza Nelson Mandela ku South Africa wa m'tsogolo wophwasuka, ndipo inafika pa mndandanda womaliza wa mphoto za Nommo mu 2017. M'boma ngati lathu, momwe mudzi ndi mudzi uli ndi ana ku Joni, momwe tinaona mabasi akubweza abale athu othawa zipolowe mu 2015, nkhani yotere si yakutali. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wa kuno amakumana ndi Katniss msanga kuposa mmene angakumanire ndi Chikoti kapena Nhlema.

Tsopano tiwolokere ku mabuku a mizimu ndi zamatsenga. Apa ndiyenda mosamala.

Twilight, la Stephenie Meyer, linatuluka mu 2005. Mtsikana Bella Swan asamukira m'tauni yamvula ya Forks n'kugwa m'chikondi ndi Edward Cullen, mnyamata wooneka bwino amene kwenikweni ndi cholengedwa chakumwa magazi, cha zaka zoposa 100. Atsikana mamiliyoni padziko lapansi anamukonda Edward. Kumeneko wakumwa magazi amathera m'buku. Palibe amatuluka usiku ndi chikwanje kukamusaka. Kuno n'zina. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu anatchinga misewu, anagona panja m'magulu, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa powaganizira kuti akupopa magazi. Mmodzi anali mnyamata wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Namapopa sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Amene anafa anali anthu wamba, alendo, odwala, oyenda usiku. Ndipo sikanali koyamba, poti mphekesera yomweyo inazunguza dziko mu 2002 ndi 2003.

Choncho mtsikana wa kuno amawerenga Twilight ndi mitima iwiri, wina ukukondwera ndi chikondicho, wina ukukumbukira usiku umene anagona panja ndi mantha. Koma ndinene poyera: chimene chimandidetsa nkhawa m'bukuli si magazi. Ndi mwamuna wolowa m'chipinda cha mtsikana usiku osapempha, kukamuyang'ana akugona, womulondalonda, amene m'mabuku otsatira amafika pomuletsa kuonana ndi mnzake, wolemba n'kumatiuza kuti chimenecho ndiye chikondi. Makolo amene mukuopa usatana, opani ichi, ndipo mukhale pansi mukambirane ndi ana anu aakazi.

Limene ndimalikonda kwambiri m'gululi ndi Akata Witch, la mu 2011, lolembedwa ndi Nnedi Okorafor, wa ku America koma makolo ake ndi a ku Nigeria. Sunny ndi mtsikana wa zaka 12, wachialubino, wokonda mpira, wobadwira ku America koma akukhala ku Nigeria. Kusukulu anzake amamunyoza. Kenako azindikira kuti ndi mmodzi mwa anthu a mphamvu zamatsenga, ndipo iye ndi anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha, ayenera kulimbana ndi munthu wokhwima amene akuba ana ndi kuwapha kuti apeze mphamvu. Bukuli limakoma chifukwa fumbi lake, misika yake, zilombo zake zovina, zonse n'zozolowereka kwa ife. Mwana wachialubino sali m'mbali mwa nkhani kuti timumvere chisoni. Nkhaniyo ndi yake, ndipo mdani ndi wakupha ana uja.

Komatu apa ndi pamene pamandibaya. Chiyambire cha m'ma 2014 dziko lino laona abale athu achialubino akubedwa, akuphedwa, manda awo akufukulidwa, ndipo chigawo chino cha kummawa, Machinga ndi Mangochi yemwe, chalira maliro otere. Muzu wake ndi bodza limodzi, lakuti m'thupi mwawo muli mphamvu yachilendo. Ndiye buku likabwera n'kunena kuti mtsikana wachialubino alidi ndi mphamvu yodutsa pakati pa dziko la amoyo ndi la mizimu, ngakhale cholinga cha wolemba n'chabwino, ine mawuwo amanditsamwitsa. Ndiponso Sunny akalandira mphamvu zake, dzuwa limasiya kumuwotcha. Mwana wachialubino wa kwa Nankumba, kumene dzuwa la Okutobala limang'amba nthaka, chimene akusowa ndi mafuta oteteza khungu, chipewa, ndi mpando wakutsogolo m'kalasi kuti aone pa bolodi. Bukuli liwerengedwe ndithu, koma mphunzitsi kapena kholo akhale pafupi, anene momveka kuti mphamvuzo n'za m'nkhani, ndipo mnzathu wachialubino ndi munthu ngati wina aliyense.

Lilipo lina limene ndikanakonda likanapezeka m'sukulu iliyonse ya m'mbali mwa nyanja: A Girl Named Disaster, la mu 1996, lolembedwa ndi Nancy Farmer, wa ku America amene anagwirapo ntchito ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Nhamo ndi mtsikana wamasiye wa m'mudzi wina ku Mozambique. Kolera itapha anthu m'mudzimo, sing'anga akuti chayambitsa ndi mzimu wa munthu amene bambo ake a Nhamo anapha, ndipo kuti mzimuwo ugone, Nhamo akwatiwe ndi mbale wa malemuyo, bambo wamkulu wamitala. Agogo ake aakazi akumunong'oneza kuti athawe pa bwato. Madzi akumukokera m'nyanja ya Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, momwe akukhala miyezi yekhayekha pa zilumba, akulankhula ndi mzimu wa mayi ake ndi mizimu ya m'madzi.

Taonani mmene wolembayu anachitira. Chikhulupiriro cha anthu sanachinyoze. Mizimu ndi imene ikumulimbitsa mtima Nhamo pamene alibe wina. Koma anaonetsanso poyera kuti akuluakulu akagwidwa ndi mantha, amene amalipira ndi wofooka. Ife tinaiona kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo tinamva mphekesera zimene zinkayenda zokhudza zipatala. Tikudziwanso kuti ngakhale malamulo aakulu a dziko anakweza zaka zolowera m'banja kufika pa 18 mu 2017, atsikana akuchokabe m'kalasi kupita kukakwatiwa. Nhamo ndi mwana wa kwathu.

M'buku limeneli ndi mmene ndinapezera muyeso wanga wa nkhani za mizimu. Muli mfiti kapena mulibe, zimenezo sindifunsa. Ndimafunsa kuti nkhaniyo yaima mbali ya ndani. Timabuku tina, mafilimu ambiri amene timaonera m'nyumba za kanema, ngakhale masewero ena a pa wailesi, mutu wake ndi umodzi: mwana wadwala, bizinesi yagwa, kumapeto n'kupezeka kuti ndi agogo aja a maso ofiira okhala kumalire a mudzi. Nkhani yotere imanola zikwanje. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi, mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzi mwawo. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma okalamba akuphedwabe chaka ndi chaka. Wolemba wa ku London atha kuseweretsa mfiti mmene angafunire. Wa ku Malawi akamalemba adziwe kuti pali gogo weniweni amene angagwetsedwere nyumba chifukwa cha zolemba zakezo.

Sindikuti tileke kulemba za mizimu. Tinakulira momwemo. Usiku pa moto wina akati padangokhala, ife n'kuvomera kuti tili tonse, zotsatira zake zinali nyama zolankhula, zimphona ndi mizukwa. Sikusinja ndi Gwenembe, la John Gwengwe, limene mibadwo yawerenga kusukulu, ndi nkhani ya mbale wopha mbale wake chifukwa cha chuma, ndipo woulula mlanduwo ndi mbalame yoimba imene imati ikaphedwa n'kutulukiranso. Palibe anamutchula Gwengwe wausatana, ndipo mbalame ija inaima mbali ya wophedwa. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimati chikamasamuka mapiri n'kugumuka, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, n'kumuyendetsa m'ndakatulo zake ndi m'buku la The Wrath of Napolo, kunena za dziko lino zimene sizinkaneneka poyera. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche ndi mapiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, dzina la Napolo linamvekanso pakamwa pa anthu.

Ndiye ine monga wowerenga ndikulakalaka buku la kuno kwathu, poti zipangizo zake zili mbwee. Taganizirani za ndondocha, munthu amene abale ake analira maliro ake, koma akuti ali moyo, wodulidwa lilime, akugwira ntchito usiku m'chigayo kapena m'munda mwa wolemera. Nkhani imeneyi timaikamba ngati miseche yonena wolemerayo. Nanga wina ataisimba kuchokera mumtima mwa ndondochayo, mnyamata wa zaka 15 amene akukumbukira dzina lake pang'onopang'ono? Dera lino linali njira ya akapolo opita ku Kilwa. Lero ana ake ena ali m'minda ya fodya, ena m'mashopu a ku Joni opanda mapepala, akuopa kudandaula angathamangitsidwe. Wantchito wopanda lilime timamudziwa.

Kapena taganizirani Mangochi wa m'chaka cha 2090. Nyanja yakwera monga inachitira mu 2024, pamene madzi analowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo, koma ulendo uno osabwerera. Nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, yangotsala nsonga. Chambo chili m'makhola a makampani basi, ndipo kuponya ukonde m'nyanja ndi mlandu wa ndende. Mtsikana wa ku Chembe wapeza malo pakati pa zilumba za Thumbi ndi Domwe pamene nsomba zikuswanabe. Auze ndani? Palinso majini a m'nkhani zimene ana amakambirana pochokera ku madrasa, Mwala wa Mphini, manda a amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 malungo n'kuwasamutsa. Pali mwana wopita ku jando kapena ku nsondo, wochotsedwa m'manja mwa mayi ake, wobwerera ali munthu wina. Olemba a kunja amatuluka thukuta kupeka miyambo yotere. Ife tili nayo, ngakhale wolemba waulemu adziwa zoyenera kunena ndi zoyenera kusiya komweko.

Buku limenelo lilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao. Boma lino lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ochuluka ndi ana ndi achinyamata, ndipo kwa ambiri Chingerezi cha m'buku la masamba 400 n'cholemera. Mabuku a Chichewa amene tili nawo, a Ntara, a Zingani, a Ntaba, ndi chuma chathu, koma ambiri amalankhula ndi mwana molangiza: ukatere udzaona zakuti. Mwana amatopa nako kulangizidwa. Chimene mabuku a kunja aja amachita bwino n'chakuti amamukhulupirira wachinyamata. Amamusenzetsa vuto lalikulu limene akuluakulu alilephera, n'kumusiya asankhe yekha, alakwitse, alipire, adzukenso.

Inu aphunzitsi aakulu, makatoni aja mwatsekera poopa kuti mabuku ang'ambika, atseguleni. Mawailesi a m'dera lino, monga Dzimwe ya ku Monkey Bay, atha kupatula mphindi 15 pa sabata kuti wachinyamata awerenge mutu umodzi wa nkhani imene walemba, sabata inayo mutu wotsatira. Amene sadziwa kuwerenga adzamva nawo ali pa doko. Ndipo iwe amene uli ndi kope lodzaza nkhani pansi pa mphasa, ukuopa kuti anzako akuseka, lipereke kwa mnzako mmodzi aliwerenge. Umufunse pamene anatopa ndi pamene anachita mantha, kenako ulembenso. Bungwe la Malawi Writers Union limachititsa mipikisano ya nkhani zazifupi. Ukamva kuti yatsegulidwa, tumiza yako.